Pepala likuti 60, adokotala akuti opaleshoni: mafunso ndi mayankho pa sikani ya mtima

Lamlungu lina titaweruka ku mapemphero ku Scarborough, bambo wina wachikulire wochokera kwathu ku Malawi, amene tonse timangowaitana kuti amalume ngakhale palibe mbale wawo weniweni pakati pathu, anandikodola n'kunditengera pakona. Anapisa dzanja m'thumba la chijasi chawo n'kutulutsa pepala lopindidwa kanayi.

"Mphwanga, tandiwerengera ichi. Akuti mtima ukupopa 60. Kusukulu 60 ndi kukhoza. Nanga bwanji adokotala ayamba kukamba za opaleshoni?"

Papepalapo panali Chingerezi chambiri cha kuchipatala, koma mizere itatu ndi imene inasenza nkhani yonse: severe aortic stenosis, EF 60%, ndi GLS −13%. Amalume anasankha nambala yapakatiyo n'kuikakamira, poti ndi imene inkawasangalatsa. Adokotala awo ankayang'ana zonse zitatu. Mafunso ali m'munsiwa ena ndi a amalumewo, ena ndinadzifunsa ndekha pofuna kuti ndiwayankhe zogwira mtima.

Kodi valavu ya aorta n'chiyani, nanga imawonongeka bwanji?

Mtima uli ndi zipinda zinayi. Champhamvu kuposa zonse ndi cha m'munsi kumanzere, chimene chimakankha magazi kuti afike thupi lonse kudzera mumtsempha waukulu wotchedwa aorta. Pakhomo la mtsemphawo pali valavu, kachitseko ka timapiko titatu kamene kamatseguka magazi akamatuluka, n'kutsekeka kuti asabwerere. Amene anapopako tayala la njinga akuidziwa ntchito ya valavu. Koma ya mumtimayi imatseguka ndi kutsekeka maulendo pafupifupi 100,000 pa tsiku, kuyambira m'mimba mwa mayi mpaka tsiku lomaliza.

Imawonongeka pawiri. Ikhoza kuthina: timapiko timauma n'kumatirira kashiamu, ngati zoyera zija zimene zimakakamira pansi pa ketulo, mpaka khomo kuchepa. Kumeneko ndi kumene madokotala amati stenosis. Ikhozanso kudontha: chitseko osatsekeka bwino, magazi ena n'kumabwerera kumene achokera, ndipo dzina lake ndi regurgitation. Kuno ku Canada chimene chimathinitsa valavu kawirikawiri ndi ukalamba, kenako kubadwa ndi valavu ya timapiko tiwiri m'malo mwa titatu. Kwathu gwero lalikulu ndi lina, ndipo tifikako.

Nanga echo imeneyi ndi sikani yomwe ija ya amayi oyembekezera?

Makina ake ndi amtundu umodzi. Kachipangizo kokhala ngati mpini waufupi kamatumiza mawu okwera kwambiri, oti khutu la munthu silingawamve. Mawuwo akagunda mtima amabwerera, monga umachitira mleme pouluka mumdima, ndipo kompyuta imawasandutsa chithunzi choyenda. Palibe cheza chonga cha X-ray, palibe kucheka.

Mumavula malaya, mumagona cham'mbali kumanzere, dzanja kunsi kwa mutu, m'chipinda chozimitsidwa magetsi pang'ono. Amakumatani timapepala titatu ta mawaya, n'kupaka jelo wozizira pachifuwa. Wojambula amakanikiza kachipangizoko pakati pa nthiti, nthawi zina mpaka kumvako kuwawa, uku akunena kuti tulutsani mpweya, imani kaye pomwepo. Kenako makina amayamba kulira fwaa, fwaa, ndipo anthu ambiri amadzidzimuka poganiza kuti mtima waphulika. Limenelo ndi phokoso la magazi chabe. Pakatha theka la ola kapena ola lathunthu mwamaliza, mukupukuta jelo.

Luso limeneli linayambira ku Lund, m'dziko la Sweden, mu 1953. Dokotala Inge Edler ndi katswiri wa sayansi Hellmuth Hertz anayesa pamtima makina amene kampani yokhoma sitima zapamadzi inkafufuzira ming'alu m'zitsulo.

Amadziwa bwanji kuti valavu yathina kwambiri?

Amene anathirirako dimba ndi paipi akudziwa kuti ukatseka kukamwa kwake ndi chala, madzi amatuluka mwaliwiro n'kufika patali. Magazi nawo n'chimodzimodzi. Pavalavu yabwino amadutsa pa liwiro la mita imodzi kapena imodzi ndi theka pa sekondi. Akafika mamita 4 pa sekondi, valavu yathina zedi. Khomo limene limayenera kukhala masikweya sentimita 3 mpaka 4 limakhala latsala limodzi kapena kucheperapo, ngati chikhadabo cha chala chaching'ono. Nambala yachitatu ndi kusiyana kwa mphamvu ya magazi kuseri kwa chitseko ndi kutsogolo kwake. Ikafika 40 mmHg, matendawo ndi aakulu. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 dokotala wa ku Norway, Liv Hatle, ndi anzake anasonyeza kuti zimenezi zingawerengedwe kuchokera pa liwiro lokha, popanda kulowetsa kapaipi mumtima.

Tanthauzo lake ndi ili: namwino akakuyezani BP pamkono n'kupeza 130, mkati mwa chipinda chija mphamvu ikhoza kukhala 170 kapena kuposa, kugunda kulikonse, usana ndi usiku. Komabe nambala zonsezi zikukamba za chitseko. Sizinanene kanthu za amene akukankha chitsekocho.

Tsono 60 ya amalume ikutanthauza chiyani? Si umboni woti mtima uli bwino?

EF ndi chidule cha ejection fraction, kutanthauza gawo la magazi limene chipinda chimatulutsa pa kugunda kumodzi. Chikadzaza mamililita 120 n'kutulutsa 72, EF ndi 60 peresenti. Palibe mtima umene umatulutsa 100. Bungwe la American Society of Echocardiography limati mlingo wabwino ndi 52 mpaka 72 kwa abambo, 54 mpaka 74 kwa amayi. Ndiye amalume sanalakwe, 60 ndi nambala yabwino. Vuto n'lakuti pamatenda a valavu yothina nambala imeneyi imachedwa kunena zoona.

Taonani miyendo ya mnyamata wa kabaza amene amakwera chitunda ndi matumba a chimanga tsiku ndi tsiku: akatumba ake amatukuka. Mnofu wa mtima nawo ukamakankha chitseko cholimba kwa zaka, umanenepa. Khoma limene linali sentimita imodzi limafika imodzi ndi theka. Koma limanenepera mkati, ndiye chipinda chimachepa. Chipinda chimene chikungolandira mamililita 80 chikatulutsa 60 peresenti, chatulutsa 48 basi, osati 72. Peresenti ili pomwepo, koma magazi opita kumutu ndi kumiyendo achepa. Theka la kapu ndi theka la ndowa onse ndi theka.

Palinso china chobisika kwambiri. Khoma la mtima si mnofu umodzi. Ulusi wake unayalidwa m'magulu: wamkati umayenda m'litali, kuchokera kumwamba kupita kunsonga ya mtima, pamene wapakati umazungulira ngati lamba. Mitsempha yodyetsa mtima imadutsa kunja kwa khoma n'kumalowa mkati, choncho ulusi wamkatiwo ndi umene uli kumapeto kwa mzere wa chakudya, komanso ndi umene umapanikizika kwambiri. Umayamba kufooka ndi umenewo. Wozungulira uja umawonjezera mphamvu n'kubisa kufookako.

Ndinawakumbutsa amalume za kusenza denga la nkhokwe kumudzi. Amuna khumi alowa pansi, denga layamba kuyenda. Awiri amkati atopa, akungogwirizira, koma anzawo akulimbikira, ndipo woonerera ali patali akungoona denga likuyenda bwinobwino. EF ndi woonerera ameneyo. Podzafika poti denga lapendekeka, ndiye kuti atopa ndi ambiri. Mumtima, ulusi ukafa pamalopo pamatsala chipsera, ndipo zipsera zina sizichoka ngakhale valavu itasinthidwa. Nkhawa ya adokotala inali imeneyo.

Ndiye GLS ndi imene imalowa pansi pa denga?

Eya. Dzina lonse ndi global longitudinal strain, ndipo imayeza kuti mnofu ukufupika bwanji m'litali mtima ukamafinya. Mtima sumangofinya cham'mbali ayi. Umafupika, umanenepa, ndipo umapotokola ngati mmene mayi amafinyira chitenje pochapa.

Mukayang'anitsitsa chithunzi cha echo, mnofu umaoneka wamawangamawanga ngati nthenga za nkhanga. Kale timadontho timeneti ankatiyesa zinyalala za pachithunzi. Kuyambira cha m'ma 2004, akatswiri anapeza kuti kachigawo kalikonse ka mnofu kali ndi mawanga akeake, ndipo kompyuta ingawatsatire chithunzi ndi chithunzi, zithunzi 50 kapena kuposa pa sekondi, n'kuona ngati akuyandikirana kapena ayi. Njirayi amaitcha speckle tracking. Wojambula amaika kachipangizo kunsi kwa bere lakumanzere, pamene pali nsonga ya mtima, n'kujambula mbali zitatu. Wodwala saona kusiyana kulikonse, chifukwa mawerengedwewo amachitika pazithunzi zomwe zija.

Masamu ake ndi a pulayimale. Mnofu wa masentimita 10 ukafupika n'kufika 8, wafupika ndi 20 peresenti, ndipo amalemba −20%. Kamzere ka kuchotsera kali kutsogoloko kamasokoneza anthu ambiri, ngakhale ophunzira udokotala. Kamangonena kuti mnofu wafupika. Kaphimbeni ndi chala n'kuwerenga nambala yokha: pafupifupi 20 ndi bwino, pakati pa 16 ndi 18 ndi m'malire, kutsika pansi pa 16 ndiye kuti mnofu wayamba kufooka. Amalume anali pa 13.

Toronto ili ndi mbiri yake pa muyezo umenewu. Dr Paaladinesh Thavendiranathan wa pa Toronto General Hospital anali mmodzi mwa otsogolera kafukufuku wotchedwa SUCCOUR, amene zotsatira zake zoyamba zinatuluka mu 2021, woona ngati strain ingathandize kuteteza mitima ya odwala khansa amene akulandira mankhwala owononga mnofu wa mtima. Matenda ndi ena, koma ganizo ndi lomwelo: kupeza kufooka EF isanagwe.

Kodi −13 payokha ndi yokwanira kuti munthu akalowe kufiyeta?

Ayi, ndipo dokotala amene angakuuzeni choncho mufunseni kawiri. Malamulo amene madokotala a mtima amatsatira amati valavu yothina kwambiri isinthidwe munthu akayamba kuonetsa zizindikiro, kapena EF ikatsika pansi pa 50, kapena ngati akuchitidwa kale opaleshoni ina ya mtima. Madokotala a ku Ulaya mu 2021 anawonjezera kuti EF yosafika 55 ndi yoyenera kuiganizira. GLS sinafike pokhala lamulo palokha. Ndi mboni, si woweruza.

Koma ndi mboni yomveka. Mu 2019 Julien Magne ndi anzake anasonkhanitsa kafukufuku khumi wa odwala oposa 1,000 amene valavu yawo inali yothina, opanda zizindikiro, EF ili bwino. Amene GLS yawo inali pansi pa 14.7 anali pachiopsezo cha imfa choposa kawiri ndi theka poyerekeza ndi anzawo. Ndipo mu 2024 kafukufuku wotchedwa EARLY TAVR, wa odwala 901 m'zipatala za ku United States ndi Canada, anasonyeza kuti amene anasinthidwa valavu msanga, zizindikiro zisanayambe, anakumana ndi mavuto ochepa, makamaka kugonekedwa m'chipatala mwadzidzidzi, kusiyana ndi amene anauzidwa kuti adikire. Mphepo ikuwombera kochita msanga.

Chifukwa chake n'chodziwika kuyambira kale. Mu 1968 John Ross ndi Eugene Braunwald analemba kuti munthu akhoza kukhala zaka zambiri ndi valavu yothina osamva kanthu, koma zizindikiro zikayamba nthawi imafupika: pafupifupi zaka 5 kwa womva kupweteka pachifuwa, 3 kwa wokomoka, 2 kwa amene mtima wayamba kulephera, ngati valavu sinasinthidwe.

Apa ndi pamene ine ndimaona kuti muyezo umenewu ndi wofunika kwa ife kuposa mmene olemba malamulowo ankaganizira. Lamulo lonse latsamira pa mawu akuti zizindikiro, ndipo zizindikiro amanena ndi wodwala. Tsono ife tinaleredwa kuti munthu akakufunsa kuti muli bwanji, yankho ndi lakuti ndili bwino, kaya inu, ngakhale uli chigonere pa bedi la kuchipatala, diripi ili pamkono. Amalume anauza adokotala kuti alibe vuto lililonse. Akazi awo ndi amene anandinong'oneza kuti chaka chatha bambowo anasiya kukwera masitepe pa siteshoni ya Kennedy, amadikira elevator, ndipo fosholo ya sinowo anaisiyira mdzukulu. Akawafunsa amati ndi ukalamba. Sananame. Anangochepetsa moyo wawo pang'onopang'ono kuti ufanane ndi mphamvu ya mtima, mpaka befu n'kusowa pooneka. N'chifukwa chake madokotala nthawi zina amamuyendetsa munthu wotere pamakina oyendapo uku akumuyang'anira, kuti thupi linene zimene pakamwa pakubisa.

Papepala pali kachithunzi kozungulira, kofiira pakati koma kotuwa m'mbali. N'chiyani chimenecho?

Ndi mapu a chipinda chija, ngati mwachiyang'ana kuchokera kunsonga. Pakati ndi nsonga ya mtima, m'mphepete ndi kumwamba kwake kufupi ndi mavalavu, ndipo kamagawidwa m'zigawo pafupifupi 17, chilichonse ndi nambala yake. Pamakina ambiri kufiira kwambiri ndi mphamvu, kutuwa ndi kufooka.

Pakati pokha pakakhala psuu koma m'mphepete monse mwatuwa, dokotala wochenjera amayamba kuganiza za matenda ena otchedwa amyloidosis, amene mapuloteni opindika molakwika amaunjikana mumnofu n'kuuumitsa. Madokotala a ku Cleveland Clinic anafotokoza za maonekedwe amenewa mu 2012. Matendawa amapezeka mwa okalamba ena amene akukonzekera kusinthidwa valavu, mwina mmodzi mwa 8 kapena 10 alionse, ndipo masiku ano ali ndi mankhwala ake. Mtundu wina wake ndi wakumtundu, ndipo chibadwa chake chili mwa anthu 3 kapena 4 pa 100 alionse akuda a ku America, makamaka amene makolo awo anachokera kumadzulo kwa Africa. Kachithunziko pakokha sikatsimikiza matendawa. Kamangochititsa kuti ayeze zina.

Nambala zimenezi sizingalakwike?

Zimalakwika. Munthu wonenepa kwambiri kapena wodwala mapapo amavuta kujambula, ndipo chithunzi chikakhala chachimbuuzi kompyuta imatsatira mawanga olakwika. Mtima ukamagunda mosalongosoka, nambala imasinthasintha. BP ikakhala yokwera tsiku la sikani, mnofu wabwino ndithu umaoneka waulesi chifukwa katundu wachuluka. Makina a GE, Philips ndi Siemens nawo sawerenga ndendende mofanana, ngakhale kuti kuchokera mu 2015, pamene mabungwe a madokotala ndi makampaniwa anagwirizana za kawerengedwe, kusiyanako kunachepa. Choncho 17 chaka chino ndi 16 chaka chamawa si nkhani yosowetsa tulo. Koma 19, kenako 16, kenako 13, pamalo amodzimodzi ndi makina amodzimodzi, imeneyo ndi nkhani. Ngati n'kotheka bwererani kumene munajambulitsa poyamba, ndipo sungani mapepala akale.

Ngakhale liwiro lija limanamiza. Mu 2007 gulu la Philippe Pibarot ndi Jean Dumesnil ku Quebec City linafotokoza za odwala amene valavu yawo yathina zedi, EF ili bwino, koma chipinda chachepa kwambiri moti magazi otuluka ndi ochepa, ndiye liwiro silifika 4. Paipi ya madzi ochepa siponya patali ngakhale utaitseka ndi chala. Odwala otere, ambiri mwa iwo amayi okalamba, ankauzidwa kuti matenda awo ndi apakatikati. Lero dokotala akakayika amatumiza munthu ku CT kuti akayeze kuchuluka kwa kashiamu pavalavu.

Nanga valavu yodontha?

Apa chipinda sichichepa, chimatanuka ngati chubu chopopedwa mopitiriza, chifukwa chimalandira magazi atsopano pamodzi ndi obwerera aja. Popeza chikutulutsa ambiri, EF imaoneka yokongola kwa nthawi yaitali. N'chifukwa chake malamulo a ku America a 2020 anaika malire pa 55 osati 50, ndipo amayezanso kukula kwa chipinda chikafinya: chikapitirira mamilimita 50, nthawi yakwana. GLS imathandizanso chimodzimodzi.

Kuno, ambiri odontha valavu ali achinyamata ndi aja obadwa ndi timapiko tiwiri, amene ndi munthu mmodzi kapena awiri pa 100 alionse. Kwa iwowa nkhani yolimbitsa mtima inachokera ku Toronto konkuno. Mu 2008 magazini ya zachipatala ya JAMA inafalitsa kafukufuku wa akuluakulu 642 otere amene anatsatiridwa kwa zaka pafupifupi 9. Ena mwa iwo anafunika opaleshoni, koma patatha zaka 10, okwana 96 pa 100 anali moyo, pafupifupi mofanana ndi anthu ena onse. Vutoli limayenda m'magazi, ndiye wina akapezeka nalo, ana ake, abale ake a bere limodzi ndi makolo ake ayenera kujambulidwa. Ndipo pamene chatanuka ndi tsinde la aorta koma timapiko tili bwino, pali opaleshoni yosintha tsindelo n'kusiya valavu ya mwiniwake. Dziko lonse limaitchula ndi dzina la Dr Tirone David wa pa Toronto General, amene anaifotokoza mu 1992 pamodzi ndi Dr Christopher Feindel.

Kulibe mankhwala osungunula kashiamuyo?

Kulibe. Madokotala ankayembekezera kuti mankhwala otsitsa mafuta m'magazi athandiza, koma kafukufuku wa ku Canada wotchedwa ASTRONOMER, wotsogoleredwa ndi Dr Kwan-Leung Chan wa ku Ottawa, anasonyeza mu 2010 kuti sachedwetsa kuthinako. Adyo, ndimu ndi chammwamba n'zabwino m'ndiwo, koma chitseko chouma sizichitsegula, kaya uthenga wa pa WhatsApp ukulonjeza zotani.

Chotsala ndi kusintha valavu. Njira yakale ndi kutsegula chifuwa n'kusokerera ina, yachitsulo imene imakhalitsa koma imafuna warfarin moyo wonse, kapena yopangidwa kuchokera ku ng'ombe kapena nkhumba imene imatha pakapita zaka 10 mpaka 20. Njira yatsopano ndi TAVI: valavu yopindidwa imalowetsedwa pamtsempha wa pamphechepeche n'kukatambasulidwa mkati mwa yakaleyo. Anayamba ndi Alain Cribier ku Rouen, France, mu 2002, ndipo John Webb wa ku Vancouver ndi amene anakonza njira yodzera pamtsempha wa mwendo cha mu 2005. M'dera lino la Toronto imachitika pa Peter Munk Cardiac Centre ya Toronto General, pa Sunnybrook, pa St. Michael's, pa Trillium ku Mississauga ndi pa Southlake ku Newmarket. Ambiri amatuluka m'chipatala patangopita tsiku limodzi kapena awiri. Chitseko chikatseguka, khoma limayamba kuphwa m'miyezi yotsatira ndipo GLS imakwerako. Kukwera kwake kumadalira kuchuluka kwa zipsera zimene zinalipo kale.

Ife obadwira ku Malawi, pali china chimene tiyenera kuwauza adokotala?

Chilipo, ndipo dokotala wophunzira ku Ontario sangachiganizire msanga chifukwa sachiona kawirikawiri. Kwathu chimene chimawononga mavalavu kwambiri si ukalamba koma zilonda zapakhosi za paubwana. Kachilombo kotchedwa streptococcus kakapanda kuthiridwa mankhwala, chitetezo cha thupi chimasokonezeka n'kuyamba kuluma mfundo za mafupa ndi mavalavu. Matendawa ndi rheumatic heart disease. Amakonda valavu ina yotchedwa mitral, kenako ya aorta, imene nthawi zambiri amaichititsa kudontha. Kafukufuku wotchedwa REMEDY, wa odwala 3,343 m'mayiko 12 a mu Africa komanso ku India ndi Yemen, anapeza kuti theka la odwalawo linali la zaka 28 kapena kucheperapo. Ku Lilongwe, Dr Amy Sanyahumbi ndi anzake anajambula ana 1,450 ooneka athanzi, ndipo m'lipoti la 2016 ananena kuti oposa 3 pa 100 alionse anali ndi zizindikiro zoyambirira pa echo.

Ndiye ngati munatupapo mawondo ndi akakolo muli mwana n'kulephera kuyenda, kapena munkabayidwa penisilini mwezi ndi mwezi, kapena wachipatala anamvapo kaphokoso pamtima wanu, nenani. Mayi amene akufuna kutenga pakati anene msanga ndithu, chifukwa mimba imawonjezera magazi ambiri ndipo valavu yowonongeka imene inali chete imayamba kuvuta pamenepo.

Ndikamalemba za mawanga a nkhanga ndi −13 sindiiwala kuti pa Kamuzu Central ndi pa Queen Elizabeth wodwala valavu wazaka 19 akhoza kudikira nthawi yaitali kuti dzina lake lituluke pa mndandanda wopita ku India. Kumeneko chofunika choyamba si GLS. Ndi penisilini pa chipatala chaching'ono chakumudzi, ndi wachipatala wodziwa kugwira kamakina ka echo ka m'manja.

Kuno ku Toronto munthu amayambira pati?

Kwa dokotala wa banja, kapena ku walk-in clinic ngati mulibe. Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chimaimba: valavu yothina imatulutsa phokoso limene dokotala amalimva akaika choyezera chake pachifuwa. Mupempheni amvetsere, makamaka ngati mwapitirira zaka 65. Akamva kanthu amalemba kalata ya echo, ndipo inshuwalansi ya boma ya OHIP imalipira. Makolo obwera kudzacheza pa super visa sali pa OHIP, amadalira inshuwalansi imene munawagulira, ndiye werengani bwino zimene imanena pa matenda amene anali nawo kale.

Valavu yothina pang'ono imajambulidwa pakapita zaka 3 mpaka 5, yapakatikati chaka chimodzi kapena ziwiri, yothina kwambiri miyezi 6 mpaka 12. Si malo onse amene amalemba GLS popanda kupemphedwa, choncho funsani ngati inayezedwa, ndipo pemphani pepala lanu. Samalirani mano, chifukwa tizilombo ta m'kamwa timakonda kukamanga msasa pavalavu yowonongeka. Koma kukomoka, kupweteka pachifuwa kosaleka, kapena kubanika usiku mpaka kudzuka n'kukhala tsonga, zimenezo si zodikira tsiku la kalata. Imbani 911.

Ndipo musapite nokha. Tsiku lokaonana ndi dokotala wa mtima, amalume anapita ndi akazi awo, ine n'kukhala pampando wa kukhomo ngati womasulira. Adokotala anatsegula kompyuta, kachithunzi kozungulira kaja kali pagalasi, n'kufunsa mmene akupezera masiku ano. Amalume anakonza kolala, anamwetulira, n'kuyamba kuti, "Ndili bwi…"

Akazi awo anawagwira bondo. "Abambo, dikirani kaye. Adokotala, afunseni za masitepe."